Kadzidzi Wapita Kokagona

Lolemba, 5 Meyi

Kope latsopano, wagula ndi mwana wanga wamkazi. Akuti masamba akumapeto ndizilembamo nthawi yogona ndi yodzuka, adokotala a kukampani adzafuna kuona. Akutsogolowa ndi anga ndekha.

Ndilembe kamodzi kokha, zichoke pamtima. Lachinayi lapitali, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Basi yodzaza, anthu 61. Msewu wowongoka uja ukangodutsa mlatho wautali. Ine ndimati ndangophethira. Potsegula maso, matayala a mbali imodzi ali m'miyala, chikwangwani chikubwera pamaso panga. Manja anabweza okha chiwongolero. Palibe wovulala. Mwana mmodzi analira, chikwama chinagwa kuchokera pamwamba, n'kutha.

Anthu ndinawauza kuti ndimazemba galu. Kondakitala anakweza chikwama chija, tinapitiriza mpaka kudepoti. Tikutsika ndiye anati, "Galu uja ine sindinamuone, akulu." M'mawa womwewo anakauza abwana. Mwana amene ndinamulowetsa ntchito ndekha.

Zaka 23 pa chiwongolero, 15 za maulendo ausiku. Osagundapo ngakhale nkhuku. Kudepoti amanditcha Kadzidzi, dzina ndinkalinyadira. Pano andipatsa masabata awiri ndikhale kaye, pa 19 kwa dokotala. Akasaina ndibwerera pamsewu. Akakana, kaya.

Mwana wanga wamkazi uja wapeza nyumba ina kumapiri, akuti anthu amapitako kukagona basi. Ndinaseka. Kulipira kuti ugone? Anandiyang'ana mmene amayang'anira mayi ake, kuseka kunathera pomwepo. Walipira kale masiku khumi. Ntchito wayamba chaka chathachi, mwana ameneyu. Mtengo sindinafunse, ndimaopa kuumva.

Mayi a ana akusita malaya anga.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ulendo wa maola asanu, ine pampando wa wokwera. Sindikumbuka chaka chimene ndinagula tikiti komaliza. Phazi langa limangoponda buleki yomwe palibe, mpaka mayi amene ndinakhala nawo anasuntha dengu lawo.

Woyendetsa anali mtsikana, msinkhu wa mwana wanga. Ndinatchera khutu ndi diso kuti ndimupeze cholakwa. Ayi ndithu. Giya amalowetsa ngati akuika dzira m'mbale. Pamakona otsetsereka buleki osaiputa wamba, injini yokha ikugwira basi. Atayenda maola awiri anaima, anatsika, anazungulira akugogoda matayala, anasukusula ndi madzi a m'botolo, anawongola msana. Anthu akung'ung'udza, iye alibe nazo. Ine kuima kotere ndinasiya kalekale, ndinkati ndi za ongoyamba kumene. Potsika ndinamuuza kuti wayendetsa bwino. Anati, "Zikomo, bambo," akuyang'ana kale pagalasi.

Kuchokera pamsewu, mphindi 20 wapansi, chitunda chokhachokha. Ndinafika ndili wefuwefu.

Nyumba yaitali, zipinda zisanu ndi chimodzi, khonde lozungulira. Eni ake aliyense amawatcha a Sisitala. Anali namwino zaka 36, anapuma. Aafupi, imvi mbuu, nsapato za labala. Amayenda osamveka, umangozindikira ali kale pambali pako. Anandiuza nditsegule chikwama ngati pamalire, anatulutsa fulasiki ya khofi ndi zitini zinayi za zakumwa zija zothamangitsa tulo. "Izi zigona kwanga, a Dalaivala. Mudzazitenga popita, ngati mudzazifunebe." Foni nayo imalowa m'dengu 6 koloko madzulo, kutuluka 8 m'mawa. Wotchi igone m'dilowa, nthawi ndizilemba mongoyerekeza.

Chipinda nambala 4. Bedi, mpando, katebulo, jagi ya madzi. Makatani olemera ngati bulangete, ukatseka masana kumada bii. Mashiti onunkhira dzuwa. Bedi lake ndiye ayi. Ndakhalapo, ndadzigwetsapo, ndatembenukapo ndi thupi langa lonseli, osalira ngakhale pang'ono. Anapanga ndi amuna a Sisitala, a Kalipentala. Mabedi onse a m'nyumba muno ndi manja awo.

Kuli zii. Ndazolowera injini, chete ameneyu akundilira m'makutu.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndinagona cha m'ma 9, ngati thumba. Kudzuka katatu kukataya madzi. M'mawa mutu ukuwawa cha kunkhongo, kukamwa kouma gwa. Maola naini pabedi, thupi ngati ndayenda usiku wonse. Ndiye zimene mwana walipira n'zimenezi?

6 koloko kabelu. Tonse panja, kuyenda mpaka pathanki ya madzi n'kubwerera, nkhope kum'mawa. A Sisitala akuti dzuwa la m'mawa ndi limene limauza thupi nthawi. Iwo patsogolo, zaka 70 kapena kuposa, ife ana tikuwefuka pambuyo.

Alendo tilipo asanu. Woyandikana nane chipinda ndi Aphunzitsi, mayi wa kusekondale, wamagalasi, pakamwa pakuthwa koma poseketsa. Akuti akagona amalota akuchonga mayeso, ndipo ana onse alephera. Palinso bambo wa kubanki, dzanja lake limangofufuza foni m'thumba lopanda kanthu. Enawo ndi mayi wachitsikana ndi mkulu wake. Mayiyo mwana wake anamwalira mu Januwale.

Ndawayang'anitsitsa a Sisitala tsiku lonse. Salalikira. Malamulo anawanena kamodzi dzulo, sanabwerezenso. Lero akudziwa kale amene amamwa tiyi wopanda shuga, amene sadya mazira, amene safuna kufunsidwa kuti wagona bwanji. Pa chakudya chamasana mayi wachitsikana uja anayamba kulira popanda wonena kanthu. Ife tonse maso m'mbale. A Sisitala anakoka mpando, anakhala pambali pake, anayamba kusenda lalanje pang'onopang'ono, khungu osaduka. Atamaliza anamupatsa kagawo kamodzi. Anadya. Anamupatsa kena. Misozi inauma.

Ntchito ikalowa m'manja mwa munthu imaoneka. Ndimaidziwa, nanenso ndinali nayo.

Lachinayi, 8 Meyi

Usiku chimodzimodzi. Mutu chimodzimodzi.

Masana kugona saloleza kupitirira theka la ola, ndiye ndinapita kushedi kwa a Kalipentala. Aatali, owonda, khutu limodzi silimva. Pensulo kukhutu logonthalo, akuti bola ligwireko ntchito. Akupanga bedi la chipinda nambala 2. Msomali alibe nawo ntchito, matabwa amalowetsana okhaokha, mphako ndi lilime lake, kugogoda kawiri ndi hamala ya mtengo, gwa. Akuti bedi limalira chifukwa cha misomali ndi changu. Limodzi limawatengera mwezi.

Anandiuza mmene nyumbayi inayambira. Akazi awo atapuma ntchito anakhala chaka chathunthu osagona. Thupi linazolowera kuzungulira m'wodi usiku. Iwo anawapangira mabedi atatu, lililonse mosiyana, poganiza kuti vuto ndi bedi. "Bedi lachinayi ndi limene anagonapo. Koma ine ndikudziwa, sikuti ndi bedi. Anangondimvera chisoni." Anaseka mpaka kutsokomola. Mabedi atachuluka anayamba kuitana anamwino anzawo otopa, kenako anthu anauzana.

Zaka 44 m'banja. Akazi awo akamadutsa pabwalo amasiya kupala, n'kuwayang'ana mpaka alowe kukhitchini.

Anandipatsa sandipepala ndisalaze thabwa. Ndikukumbuka ndikuwafotokozera za basi yoyamba imene ndinayendetsa. Kenako akundigwedeza phewa. Ndinagona chikhalire, sandipepala m'manja, nkhani ili pakati. 11 koloko m'mawa, dzuwa lili phwee.

Lachisanu, 9 Meyi

Aphunzitsi asamukira kuchipinda nambala 6. Chifukwa chake ndine. Ananena patebulo, onse akumva: "A Dalaivala, basi ija munabwera nayo kuchipinda? Imalira, imazima, kenako wina akuikankha, n'kuliranso." Onse anaseka, ngakhale mayi wachitsikana uja, koyamba chibwerereni. Nanenso ndinaseka. Za mkonono wanga kudepoti amaimba nazo nyimbo, si zachilendo.

A Sisitala okha sanaseke. Titadya ananditengera kukhonde lakuseri. Mafunso ngati apolisi apamsewu, koma mofatsa. Mutu m'mawa? Kukamwa kouma? Kutaya madzi kangati usiku? Kolala ya malaya nambala yanji? Ndinayambapo ndagona pamaloboti? Anadikira. Kudikira kwawo ndi koopsa kuposa funso. Ndinavomera, kawiri, chaka chatha, galimoto za kumbuyo zinandidzutsa ndi hutala. Sindinauzepo munthu.

Anandiyeza BP, analemba pakapepala. Ndiye anapempha chilolezo kuti usiku uno akhale pampando pakhomo panga, chitseko chotsegula pang'ono, amvere ola limodzi kapena awiri. Mayi wamkulu chonchi kuchezera usiku chifukwa cha mkonono wanga. Ndinati musavutike. Anati, "Zaka 36 ndachezera anthu osawadziwa ngakhale dzina. Inu ndikukudziwani masiku anayi."

Loweruka, 10 Meyi

Pepala lodzaza timizere, tisanu tisanu, ngati mmene kondakitala amawerengera katundu. Kamzere kalikonse ndi nthawi imene ndinasiya kupuma. 38 mu ola loyamba. 41 lachiwiri. Nthawi ina masekondi 50 chifuwa chili duu.

Akuti ndikagona njira ya mpweya kukhosi imatsekeka. Thupi limandidzutsa kuti ndipume, ine osadziwa, n'kugonanso, n'kutsekekanso, mpaka kucha. Akuti ndingagone maola khumi, tulo teniteni sindinatilawe zaka zambiri. Khofi yense uja ndimathira m'thanki yobooka.

Akuti iwo si dokotala, kuchipatala chachikulu akandiyeza bwino ndi makina. Akuti zimathandizika. Pali kamakina kovala kumaso usiku kopopa mpweya, ndi kuchepetsa thupi. Ena amabwerera pantchito. Ndinafunsa, nanga pakalipano? Anati pakalipano chiwongolero ayi.

Ndinawapempha zithere pomwepa. Ine, bambo wa ana atatu, kupempha ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa. Anati, "Ine sindiimbira munthu foni. Kalata ndilemba, ndikupatsani m'manja, muchite nayo zimene mukufuna. Koma musandipemphe ndilembe kuti muli bwino."

Ndinatuluka osatsanzika. Chakudya chamasana sindinadye. Ndinabwera kudzapuma ine, sindinabwere kudzapatsidwa matenda.

Lamulungu, 11 Meyi

Kalata ili m'dilowa, pansi pa wotchi. Emvulopu yosamata.

Masamba akumapeto a kopeli akuoneka bwino. Kugona 9, kudzuka 6, masiku asanu motsatizana. Palibe bodza ngakhale limodzi. Ndikaonetsa amenewo okha, adokotala asaina. Amayeza maso, BP, kugogoda bondo, n'kutha. Ndawadutsa ka 23.

Wotsiriza ali Fomu 3. Nyumba zipinda ziwiri zilibe siling'i. Akandiika pabwalo la depoti malipiro ake ndi theka, alawansi yausiku palibe. Zaka 54, ndani angandilembe ntchito ina?

Ndalongedza chikwama. Ndamasulanso.

A Sisitala andipatsa moni ngati dzulo palibe chinachitika. Anditumizira mapilo awiri owonjezera, akuti ndizigona chammbali, zimachepetsako.

Lolemba, 12 Meyi

M'mawa a Kalipentala anafuna kukatenga matabwa kumunsi, kumacheka. Ali ndi kapikapu kakale, maso awo satha kuona bwino msewu, amene amawayendetsa sanabwere. Anandiponyera makiyi. "Dalaivala weniweni ali pano, ndivutikirenji."

Apo ndinadziwa kuti akazi awo sanawauze. Bedi limodzi zaka 44, koma za wodwala zimathera pakhomo la wodwala. Mayi ameneyu.

Makiyi m'manja mwanga, otentha ndi dzuwa. Makilomita 12 okha, msewu wa makona, phompho mbali imodzi. Ndinawayang'ana akuluwo akuvala chipewa, akusangalala ngati mwana wopita kutauni. Ndinakumbuka sandipepala. Ndinawabwezera makiyi. Ndinati sindingathe, ndimagona osadziwa. Koyamba kunena ndi pakamwa panga. Ndinanena kukhutu logontha, ndinachita kubwereza mokweza kukhutu linalo, mpaka wa kubanki anamva ali pakhonde.

Anavula chipewa, anachipachika. Anati, "Matabwa sawola lero. Gwirani uku, tipale."

Tinapala mpaka 12. Sanandifunse chilichonse.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndaimbira mayi a ana. Ndinakonza mawu usiku, poyambira ndi pothera, kuti ndisawaopseze. Ndisanafike pakati anandidula. Anati, "Ndimadziwa, bambo a ana. Mukafika pa 20 ndimakugundani ndi chigongono."

Pa 20 pa chiyani? Akuti amawerenga. Mkonono ukaduka amayamba, wani, thu, fili. Ndikapuma ndekha amasiya. Ndikafika pa 20 amandigunda, ndimakoka mpweya ngati wotuluka m'madzi, n'kupitiriza kugona. Ndinafunsa chiyambire liti. Akuti ali ndi pakati pa wotsirizayu. Zaka 16.

Masiku amene ndimagona masana pochokera ku ulendo, amabwera ndi zosoka zawo kuchipinda, kupinda mipendero ndi manja pampando wa pawindo, makina osokera ali pabalaza osalira. Ine ndinkati amakonda kuwala kwa windo limenelo. Ndinawagulira mpaka katani yopyapyala. Usiku umene ndili pamsewu sagona mpaka ndiimbe kuti ndafika. Ndiye mayi ameneyu amagona liti?

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Ndinakuuzani kawiri." Ndakumbuka. Kachiwiriko ndinamenya tebulo, ndinati mukufuna kundichotsetsa ntchito, ana adya mawu anuwo? Sananenenso. Anangopitiriza kuwerenga.

Ndakhala kuseri kwa thanki ya madzi mpaka kabelu ka chakudya. Munthu wamkulu, mphuno ngati mwana.

Ndawauza a Sisitala zonse. Anamvetsera manja ali pamiyendo. Anati chipinda nambala 3 chilibe munthu, wa kubanki wapita lero.

Lachitatu, 14 Meyi

Mayi a ana anakana katatu pafoni kubwera kuno. Madiresi a ukwati wa Loweruka, nkhuku, wotsiriza adya chiyani. Mwana wamkazi anatenga tsiku kuntchito, anawakweza basi yekha, madiresi anapereka kwa telala mnzawo.

Afika 2 koloko masana. Ndinakawachingamira pamsewu. Chitunda chija anakwera osapumira, kachikwama m'manja akukana kuti ndinyamule, akundifunsa ngati ndikumwa mankhwala a BP. Anabweretsa masokosi anga ofunda. Zawo anaiwala mswachi.

Ndinawayang'ana pa dzuwa ngati ndikuwaona koyamba. Pansi pa maso pakuda. Ndinkati ndi mmene nkhope yawo ilili.

A Sisitala anawalandira ndi manja awiri, anawakhazika pampando wa ndalema pakhonde, tiyi wa mkaka. Mayi a ana anayamba mwaulemu wawo uja, kuthokoza, kupepesa kuti amuna awo avutitsa, kuyamikira makatani, kufunsa amene anasoka chifukwa mpendero wake ndi wowongoka bwino. Akufotokoza za nsalu ya mkati, mawu anayamba kutalikirana. A Sisitala anatenga kapu m'manja mwawo isanapendekeke. Tulo.

Tinawadzutsa pang'ono, tinawagwira uku ndi uku mpaka nambala 3. A Sisitala anawavula nsapato okha. Potseka chitseko ndinamva akufunsa ali m'tulo kuti nanga bambo awa awayang'anira ndani. A Sisitala anati, "Usiku uno ali pa dyute yanga, mayi. Inu mwaweruka."

Lachinayi, 15 Meyi

Maola 16. Chakudya chamadzulo sanadye, kabelu ka m'mawa sanakamve. A Sisitala analetsa aliyense kudutsa pakhomo pawo ndi nsapato. A Kalipentala sanakhudze hamala mpaka iwo atadzuka. Aphunzitsi amayenda chonyang'ama, nsapato m'manja, akundiloza ndi chala kuti inu ndiye musayerekeze kugona.

Ine pampando panja pa nambala 3 kuyambira m'mawa. Ndinayesa kumvetsera ngati akupuma. Theka la ola lokha msana unauma, mtima uli m'mwamba. Theka la ola.

Atuluka cha m'ma 8, nkhope yotupa, mzere wa pilo patsaya, tsitsi mbali imodzi. Anaima pakhonde akuyang'ana mapiri ngati awaika usiku. Anati, "Ndinalota. Ndinaiwala kuti anthu amalota." Anadya mazira atatu ndi buledi wanga yemwe.

Masana anapita kukhitchini kuti athandize, anabwezedwa. Anapempha singano, anakanizidwa. Anakhala pakhonde manja ali chabe, akuwatembenuza, osadziwa powaika. Kenako mayi wachitsikana uja anakhala pambali pawo, anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Sindikudziwa zimene amakambirana. Ndinawaona akuseka, mano onse panja, mmene ankasekera tili pachibwenzi.

Masiku anga atha mawa. A Sisitala akuti tikhale mpaka Lamulungu, za masiku owonjezerawo ndalipira kale ndi sandipepala. Ndikudziwa kuti kupala kwanga sikungagule ngakhale tiyi. Sindinatsutse.

Loweruka, 17 Meyi

Bedi la nambala 2 latha. Tinalinyamula anthu anayi. Pansi pa thabwa lapakati a Kalipentala amalemba tsiku ndi pensulo. Anandipatsa ndilembe ine.

Mayi a ana ayenda mpaka pathanki limodzi ndi a Sisitala, patsogolo pa tonse. Aafupi awiri, akukambirana ngati anakulira limodzi.

Fulasiki ndi zitini ndawauza a Sisitala asunge. Akuti ali ndi shelefu yodzaza.

Lolemba, 19 Meyi

Pabenchi kwa dokotala wa kukampani. Kalata ndaipereka pawindo pofika, ndisanakhale pansi, kuti mtima usandibweze. Mlembi waiika kale m'faelo.

Kondakitala anadutsa pakhomo, anandiona, anafuna kubwerera. Ndinamuitana. Anaima patali, chipewa m'manja. Ndinamuuza kuti galu uja nanenso sindinamuone. Anayang'ana pansi, anati anagona masiku atatu osadya bwino. Ndamupatsa dzanja. Mwana uyu ndi wolimba mtima kuposa ine.

Patsogolo panga pali anthu awiri.

Lachinayi, 17 Julayi

Miyezi iwiri osalemba. Panalibe cholemba chokoma.

Chiwongolero anandichotsa tsiku lomwelo. Ndili pabwalo la depoti, 7 mpaka 4, kuyang'ana matayala, mabuleki ndi magetsi basi isananyamuke. Malipiro theka, monga ndinawerengera. Siling'i idikira. Anzanga ena amandipatsa moni ngati ndili pamaliro. Dzina lasintha, pano akuti Nkhuku, poti ndimalowa m'khola dzuwa likangolowa. Ndimayankha.

Kuchipatala chachikulu anandigoneka usiku umodzi, mawaya thupi lonse. Makina awo anapeza 40 pa ola. A Sisitala ndi khutu ndi pensulo anapeza 38 ndi 41. Ndawalembera kalata kuwauza, ayankha mizere itatu, wachitatu ndi wofunsa za mayi a ana.

Makilogalamu asanu atsika. Adokotala akuti tikaonane mu Okutobala, ngati zikuyenda mwina maulendo amasana. Mwina. Sindikuwerengera.

Kamakina kafika dzulo. Mtengo wake kampani theka, mwana wamkazi ndi mchimwene wake theka. Kabokosi kakang'ono, paipi, chovala kumaso ngati chitamba cha njovu. Wotsiriza anaseka mpaka kugwa pampando. Ndinavala 9 koloko, ndinati sindigona nacho ichi. Chotsatira, kunja kwayera. Osadzuka ngakhale kamodzi. Mutu mbee, ngati galasi lakutsogolo litangopukutidwa. Ndakhala pabedi ndikudikira kuti upweteke, osapweteka. Kani anthu amadzuka chonchi tsiku lililonse?

Mayi a ana anatsegula diso limodzi. Akuti iwo usiku unawavuta poyamba, chete anawaopsa, anandigwira pachifuwa katatu kuona ngati ndili moyo. Atanena zimenezo anatembenukira kukhoma, anagonanso.

Pano 6 koloko yadutsa. Ndaika madzi a tiyi ndekha, ndatsegulira nkhuku, ndabwerera kudzakhala pampando wawo wa pawindo. Akugonabe, dzanja pansi pa tsaya. Ndipo ndikumva kanthu kamene sindinakamvepo zaka 29 m'nyumba imodzi. Nawonso amaliza mkonono. Kakang'ono, kosalala, ngati injini yosamalidwa bwino.

Sindiwauza.